A Sipiriyano, Amene Anakana Kuyamika Madzi Osefukira

Sabata ino chakwana chaka chiwaikire m'manda abambo anga aakulu, a Sipiriyano. Sanali ondibereka. Anakwatira amayi aakulu, a Luwiza, akulu awo a amayi anga, ndipo popeza Mulungu sanawapatse mwana, ine ndi amene ndinkawatumikira pakhomo kuyambira utsikana wanga mpaka tsiku lawo lomaliza. Pamaliro mlaliki anati a Sipiriyano anali munthu wofatsa. Ndinaweramitsa mutu. Sanali wofatsa ayi. Mulungu amene amaona za mumtima akudziwa kuti anali munthu wovuta kukhala naye, ndipo akudziwanso chimene chinkawavuta. Ndafuna ndilembe zoona, pakuti kunamizira wakufa ndi tchimo, ngakhale bodzalo likhale lomuyamikira.

Anali wamfupi, wa miyendo yamatewe, ndipo poyenda ankayang'ana pansi. Osawadziwa ankayesa ndi manyazi, koma iwo ankayang'ana dothi. Ndodo yawo inali chitsulo chimene amisiri omanga nyumba za kuno ku Mualadze anachisiya, iwo nachisongola mbali imodzi. Mvula ikangokata ankatuluka nacho, kuchibaya pansi pa mtengo, kuchizula, kuona pamene chinyontho chalekeza, kenaka kukachibayanso pabwalo poyera. Akatero ankapukusa mutu ngati munthu amene wamva mbiri yoipa ya mwana wa mnzake. Tsache ankadana nalo. Ndikasesa masamba pansi pa msawu wa pakhomo, ankanditsatira m'mbuyo n'kumawabwezera ndi phazi, akung'ung'udza kuti ndikuvula nthaka. Tinakanganapo kambiri, chifukwa mkazi wa pakhomo posasesa amatchedwa waulesi, komanso m'masamba mumabisala zinkhanira. Sanagonjepo. Madzi otsala m'kopo akamwa sankawataya paliponse. Ankanyamuka, mawondo akulira, kukawathira patsinde pa mtengo. Mapemphero awo anali aafupi ndi okalipa, ngati a wantchito wolankhula ndi bwana amene amamukonda koma sakumvetsa zochita zake. Kuimba sankatha, koma ankaimba mokweza kuposa onse.

Kwawo kunali ku Zobue, kumapiri a kumalire, kumene amayi awo ankatunga pa kasupe wotuluka pansi pa mitengo ya masuku. Anatsika ali mnyamata kudzafuna ntchito kumigodi yakale ya ku Moatize, nakumana ndi amayi aakulu, nalowa chikamwini m'mudzi mwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Revubwe chakufupi ndi Benga. Anakalambira komweko, koma dzina loti mkamwini silinawachoke. Za minda, za malire, za manda, wonena anali amalume a Zuze, mlongo wawo wa amayi athu, msodzi wa mawu aakulu ndi mtima wabwino. A Sipiriyano ankangolima pamene awalozera. Akazi awo ankawakonda mosabisa. Amayi aakulu msana ukawavuta, iwo ankasenza mtsuko masanasana kupita kudooko, amuna anzawo akuwaseka, osatembenuka n'komwe.

Kampani ya malasha itafika, tinauzidwa kuti pansi pa nyumba zathu pali chuma cha dziko. Anatikweza m'magalimoto pamodzi ndi mbuzi ndi mitondo, natitsitsa kuno, mbali ya ku Kambulatsitsi. Nyumba tinazipeza zomanga kale, za simenti ndi malata, m'mizere yofanana, kotero kuti masiku oyamba ana ankalowa m'nyumba za eni. Koma mtsinje kunalibe. Anatikumbira mijigo, imene ife timati bomba. Ina madzi ake ndi amchere, ndipo yabwinoyo ikathyoka chitsulo timadikira sabata ndi sabata kuti amisiri abwere kuchokera ku Moatize. Kubwerera sikunali kotheka, pakuti kumudzi kwathu kunali kutazingidwa ndi waya. Ndinkakumbuka anthu a Mulungu m'chipululu muja. Koma iwo ankayenda, kutsogolo kwawo kuli dziko lolonjezedwa. Ife tinali titafika.

Kuseri kwa mzere wathu kuli phiri laling'ono, ndipo m'munsi mwake mumadutsa khwawa la mchenga limene limayenda madzi m'dzinja mokha. Titafika, phirilo linali lakuda ndi mitengo ya tsanya ndi mithethe, udzu wofika m'chiuno. Tsiku lachitatu, ife tikulirabe, a Sipiriyano anakwera khwawalo ndi chitsulo chawo. Pokhota, pansi pa mkuyu, anabaya mchenga, chitsulo chinatuluka chonyowa. Anafukula ndi manja mpaka m'chigongono ndipo madzi anayamba kusonkhana, oyera, ozizira, opanda mchere. Dzenje limenelo ndi limene linkasunga mabanja a mzere wathu bomba ikafa m'chilimwe. Popanda ilo, mkazi amataya theka la tsiku panjira ndi bidau, chigubu chachikasu chija, pamutu.

Zimene ankatiuza za dzenjelo ndinazimva mpaka kutopa nazo. Ankati madzi ake si ochokera kutali, ndi mvula yomwe ija inagwa paphiripo m'dzinja. Ikagwera pamasamba ndi paudzu imakhala pansi, imalowa m'mabowo a mizu ndi a chiswe, n'kumatsika pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka miyezi ndi miyezi, mpaka kudzatipeza pamchenga dzuwa litakwiya. Ikagwera poyera ilibe pogwira, imangothamanga. Ankakondanso kutikumbutsa kuti m'munda woyamba uja Mulungu anabzalamo mitengo, ndipo mtsinje ndi umene unkatuluka m'mundamo.

Koma kuno kunalibe chochita. Minda imene tinapatsidwa ndi ya miyala. Amuna ankapita ku Moatize kukaima pazipata za migodi n'kubwerako ndi fumbi lokha. Amalume a Zuze, msodzi wopanda mtsinje, anapachika ukonde kudenga nagula nkhwangwa. Tinachotsedwa kwathu chifukwa cha malasha a pansi, ndipo kuno tinayamba kudya makala a mitengo. Thumba panjinga mpaka kumsewu waukulu, pobwerako ufa ndi mchere. Anayamba amalume, onse anatsatira.

M'mawa wina amalume akunola nkhwangwa pakhomo pathu, abambo aakulu anawayandikira.

"Alamu, dulani kuseri kwa phiri. Mbali ino yoyang'ana kukhwawa isiyeni."

"Kuseri n'kutali, alamu. Thumba mudzandisenzera ndinu ndi timiyendo tanuto?"

"Mukudula madzi."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, a Luwiza? Amuna anu akuti nkhwangwa yanga ikudula madzi. Ku Revubwe tinkalambula mpaka m'mphepete penipeni, bango ndi mitengo yomwe, chaka ndi chaka. Munauonapo mtsinje utachepa? Mtengo umamwa madzi, alamu. Ine ndikukuchotserani olimbirana nawo."

"Revubwe madzi ake amachokera kumapiri a eni, kutali. Khwawa ili phiri lake ndi lomweli."

"Ndiye munachita kubwera nalo kuchokera ku Zobue phiri limeneli? Taonani, anthuni, mkamwini ali ndi phiri tsopano."

Amayi aakulu anawaponyera diso amuna awo kuti akhale chete. Anamvera, koma masiku atatu sanadye mbale imodzi ndi amalume.

Zilimwe ziwiri zinapita. Mitengo ya mbali ya kukhwawa inatha, udzu unapsa ndi moto wa mauvuni ndi wa osaka mbewa, mbuzi zinatsiriza zotsala. Ndipo kunagwa mvula ija imene sindidzaiwala. Inagwa Lachisanu masana. Sinali yaikulu kuposa mvula zina, koma isanakate n'komwe tinamva mkokomo kuseri kwa nyumba. Khwawa linali litadzaza mpaka kusefukira, madzi ofiira, akugubuduza zitsa ndi miyala.

Ndiyenera kunena chimene madzi otere ali kwa ife obadwira m'mbali mwa Revubwe. Kwathu chaka tinkachiyesa ndi kusefukira kwa mtsinje. Madzi akakwera ofiira n'kumiza madimba, akazi ankaimba nthungululu, chifukwa akaphwa ankasiya matope onona. M'matopemo tinkabzala chimanga ndi mbatata za chilimwe, ndipo m'maenje munkatsala nsomba zogwira ndi manja. Madzi ofiira kwa ife anali chakudya. Ndiye tsiku limenelo mzere wonse unathamangira kukhwawa, mvula ikutinyowetsa. Amayi aakulu anagwetsa misozi, nati Revubwe watilondola. Ine ndinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Amalume ankayenda uku ndi uku, akugawa kale madimba ndi chala.

A Sipiriyano anaima patali, chitsulo m'manja, madzi akudontha pachipewa.

Lamulungu ku gereja kunadzaza. Mkulu wa mpingo, munthu wa kwathu konko kumtsinje, anati tiyamike Mulungu amene wakumbukira anthu ake m'dziko louma. Amalume anaimirira kuchitira umboni. Anati mitengo ndi imene inkatimwera madzi, tsopano Ambuye atsegula. Mkulu uja anati onse aimirire, ndipo woyamika aliyense avomere Amen. Tinaimirira, tinavomera, malata mpaka kunjenjemera. Abambo aakulu anakhala chikhalire mbali ya amuna, kutsogolo, pamaso pa onse.

"A Sipiriyano, ndi mawondo kodi?" anafunsa mkulu wa mpingo mwachifundo.

"Mawondo ali bwino."

"Nanga simuyamika nafe?"

Apo anaimirira. "Ine pa mvula ndayamika. Mvula watipatsa. Koma zimene munaona dzana zija si madzi akubwera, ndi madzi akuchoka. Aja ndi amene mukanamwa mwezi wa dzuwa lalikulu, adutsa tsiku limodzi. Kufiira kuja ndi phiri lanu, likupita ku Zambezi. Pa zimenezo sindinena Amen. Ndikhala ndikunama m'nyumba ya Mulungu."

Kenaka wina kumbuyo anati, "Ndi nsanje, kadzenje kawo katha ntchito," ndipo anthu anaseka. Amalume sanaseke. Anati, "Khalani pansi, alamu. Mwatichititsa manyazi." Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo. Abambo aakulu anatenga chipewa natuluka pakati pa nyimboyo, ndipo mwezi wathunthu analetsedwa kupereka pemphero pamaso pa mpingo. Tsiku limenelo ndinawaperekera chakudya osawayang'ana. Mumtima ndinkati munthu wokana kuyamika ndi wouma khosi. Tchimo limenelo ndinalapa kwa Mulungu, koma kwa iwo sindinapepese, ndipo nthawi inandithera.

Madzi anaphwa Lolemba. Sanasiye matope onona. Anasiya miyala ndi mchenga wakufa. Khwawa linali litakula, magombe atagumuka, dzenje litakwiririka. A Sipiriyano anafukulanso. Chaka chimenecho madzi anawapeza dzenje litafika m'chiuno, ndipo anaphwa mvula isanabwere. Chaka chotsatira linawapitirira mutu, anachita kuika makwerero. Akazi tinkakhala pamzere pamchenga wotentha, kudikira kuti madzi adzaze chikho chimodzi, kenaka china.

Ndikanakonda kulemba kuti sanatikumbutse. Ankatikumbutsa tsiku lililonse. Mkazi aliyense wotsika ndi bidau ankamufunsa ngati nthungululu zija akadali nazo. Ena anayamba kuwazemba. Tsiku lina a Sipiriyano anawanena amalume pagulu, pamthunzi wa nyumba, amalume ali bii ndi makala, atangotsika panjinga.

"Madzi anu aja ali kuti, alamu? Madimba munagawa aja mwakolola?"

Amalume anapukuta nkhope ndi malaya. "Munanena zoona. Mwamva? Pamaso pa anthu awa, munanena zoona. Tsopano ndiuzeni, dzulo munadya?"

"Ndinadya."

"Ufa umene uja unachokera kuti? M'munda mwanu mwa miyala muja?"

Amalume anadziyankha okha.

"Unachokera m'thumba la makala. Ndikaleka lero, mawa a Luwiza aphika chiyani? Ndiuzeni, inu odziwa. Mukandiuza ndileka."

Abambo aakulu anayang'ana pansi. Ndinayesa apeza yankho, chifukwa mawu sankawasowa. Anangonyamuka n'kulowa m'nyumba. Nthawi ya chakudya ndinawaperekera mbale ya ufa womwewo. Anapemphera motalika kuposa masiku onse, nadya.

Kuyambira pamenepo analeka kunena anthu. M'mawa uliwonse ankakwera phiri kukandandalika miyala mopingasa pamalo otsetsereka, kuti madzi akamatsika apunthwe, n'kutchinga mphukira za zitsa ndi minga. Munthu mmodzi wokalamba, phiri lathunthu. Mbuzi zinkakankha minga, moto unkabwera chaka ndi chaka, ndipo mphukira ikanenepa ngati mkono, wina wa njala ankaidula. Ndinawafunsapo chifukwa chake akudzizunza. Anati pa tsiku lomaliza sadzafunsidwa za phiri lonse, adzafunsidwa za miyala imene anali ndi mphamvu yonyamula.

Amayi aakulu atamwalira, abale anachita mwambo wowasudzula, kumasula mkamwini kuti abwerere kwawo. Amalume ndi amene analankhula, ndipo analankhula bwino, nati akafuna kukhala, pakhomo ndi pawo. Iwo anasankha kupita. Anandiuza kuti akufuna akamwe pa kasupe wa amayi awo asanafe. Ndinawaperekeza kumsewu, nakwera chapa, kabasi ka ku Zobue, ndi kathumba kamodzi. Sabata isanathe ndinawaona akubwera ndi kathumba komweko. Sindinafunse. Patapita masiku anandiuza okha, tili awiri, kuti minda yakwera mpaka pamwamba pa phiri, masuku kulibe, pamene panali kasupe pali mizere ya chimanga, ndipo ana a abale awo anawalandira mwaulemu ngati mlendo wodutsa.

"Mwanawe," anatero, "kulibe kwina."

Anamwalira dzuwa lili pachimake, bomba itafa sabata yachitatu. Anadwala chifuwa masiku anayi okha. Tsiku loika, adzukulu okumba manda analimbana ndi dothi louma kuyambira m'mawa. Mwambo wathu ndi woti pochokera kumanda onse amasamba, ndipo adzukulu amatsuka makasu, munthu asanalowe m'nyumba mwake. Kwathu tinkangotsikira ku Revubwe. Kuno tinkapita kudzenje. Ndinatsika makwerero ndi chikho, ndinafukula pansi pake ndi zala. Mchenga unali wofunda. Anthu anaima pamwamba kundiyang'ana, fumbi la kumanda lili m'mapazi, ndipo panalibe amene akanatha kupita kwawo.

Amalume anatenga zingwe zomangira matumba a makala, namangirira mabidau anayi panjinga, napalasa kupita ku bomba ya mudzi wina. Tinawadikira pamchengapo mpaka dzuwa kupendeka. Atabwera anaima okha kuthirira aliyense m'manja, pang'ono pokha, ongokwana kupukuta nkhope ndi mapazi. Atafika pa ine anati motsitsa mawu, "Akanakhalapo akanandinena."

Ndinati, "Akanakunenani, amalume."

Maliro atatha anabwerera ku makala. Tsopano akudula phiri lachitatu kuchokera pano, ndipo ufa umene ndikudya ine ndi womwewo.

Dzulo ndinapita pokhota paja. Mkuyu ulipo, koma madzi a dzinja lapitali anaukumba kunsi, mizu ili pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yofa ndi njala. Dzenje linagumukira m'kati. Patsala chibowo chosaya m'mene mphepo yasonkhanitsa timapepala ta pulasitiki ndi ndowe za mbuzi. Njira ya akazi yotsikira kumeneko yayamba kufafanizika. Paphiri pali zitsa ndi mabwalo akuda a mauvuni akale, pamene sipamera ngakhale chisoso. Mbalame sindinamve ngakhale imodzi. Kum'mawa mitambo inali itayamba kusonkhana, yakuda, yolemera. Ndinagwada pamchenga kuti ndipemphe mvula, monga tikuchitira m'mapemphero onse masiku ano. Koma phiri lija linali patsogolo panga, lopanda poti dontho ligwire, ndipo ndinakhala chogwada nthawi yaitali, osadziwa choti ndipemphe.